Ludzu la Atsibweni a Chikaonda

Lachiwiri, 2 Seputembala 1975

Gulu lero anthu asanu ndi mmodzi, onse osiya mowa. Chipinda chomwe chija chakuseri kwa sitolo ku Old Town, faifi koloko tikaweruka. Lamulo langa silinasinthe: aliyense polowa amandiuzira mpweya kumaso, ine nkununkhiza. Edwell, dalaivala wa lole, akuti, "Sisitala Tabitha, mphuno yanuyi akanailemba ntchito kupolisi." Aseke. Unamwino ndinauyamba ku Zomba iye asanadziwe chiwongolero.

Onse anali bwinobwino. Koma titangokhala pansi, chipinda chonse fungo la masese. Ndinasuzumira pansi pa mipando, ndinafufuza m'thumba la Naphiri. Andikhululukire, ankatcheza kachasu, ndiye ndimayambira kwa iye. Palibe kanthu.

A Chikaonda nawo analipo. Miyezi isanu ndi iwiri osamwa, munthu amene anafika kuchipatala pa wilibala akusanza magazi. Dokotala anawauza ine ndili pompo kuti chiwindi chatsala pang'ono, akadzamwanso basi. Pa onsewa amene ndimanyadira ndi iwowa.

Lachisanu, 5 Seputembala

Fungo lija labweranso. Ndinakalipira Edwell pachabe, mpaka anandiuzira kachiwiri.

Kenako a Chikaonda anatsegula pakamwa. Mudzi wawo unali kumene akumanga City Centre. Anthu anasamutsidwa, manda anatsala, kankhalango pakati pa msewu watsopano ndi maofesi. Atsibweni awo, alongo a mayi awo, agona mmenemo, ndipo zaka zitatu zapita osawathirira nsembe.

"Amabwera masana, Sisitala. Ndikakhala pageti pomwe ndimalondera ku Area 12, amaima tsidya la msewu atagwira chipanda chopanda kanthu. Salankhula. Amangochitembenuza chonchi." Anasonyeza ndi dzanja, pang'onopang'ono.

Kumudzi afulula mowa. Abale akuopa kulowa malo a boma, ndiye mlongo wawo adzangobweretsa mtsuko kudepoti Loweruka la sabata yamawa nkubwerera. Wothira ndi a Chikaonda, poti ndiwo mwini mbumba. Ndipo wothira amayamba walawa.

Ndinawauza kuti asapite. Naphiri akuti, "Mayi, inu ndinu akumpoto, atchalitchi. Zakunozi simuzidziwa." Ndinapsa mtima, ndinati chiwindi ndimachidziwa.

Zoona zideruderu ndaziona kwa ambiri, koma zimabwera sabata yoyamba munthu atasiya. Osati mwezi wachisanu ndi chiwiri. Izi sindinawauze.

Lamulungu, 7 Seputembala

Kutchalitchi. Ulaliki sindinaumve nkomwe.

Lachiwiri, 9 Seputembala

Pansi pa mpando wa a Chikaonda panali ponyowa. Simenti, chipinda ndinasesa ndekha, mvula inasiya kalekale. Ndinagwada, ndinakhudza ndi chala, ndinanunkhiza. Masese. Iwo anangokweza mapazi mwaulemu nkunena chapansipansi, "Pepani atsibweni." Edwell anasuntha mpando wake. Palibe anaseka.

Ndinayesa kupitiriza mwa nthawi zonse, aliyense anene za sabata yake, chomwe chinamuyesa, mmene anapulumukira. Mawu anga ankamveka ngati ndikulankhulira mu ndowa. Mapeto ake ndinasiya, ndinafunsa Naphiri ngati palibe njira ina. Anati wina akhoza kumulawira munthu, bola wothirayo amupatse chipanda ndi manja ake awiri.

"Ndingadzipereke ine," anatero Edwell. Ndinangomuyang'ana, anazyolika.

Anayang'anizana onse. M'chipinda monsemo munalibe woti nkukhudza mowa osagwa nawo. Ine sanandiyang'ane. Akudziwa kuti ndine mwana wa mkulu wa mpingo, chibadwire sindinalawepo ngakhale thobwa logonetsa.

Lachinayi, 11 Seputembala

Nditaweruka ndinapita ku Area 12 kukaona a Chikaonda. Malo amenewa amandiopsa. Mapuloti akuluakulu, nyumba zatsopano zina zopanda makatani, eni ake akadali ku Zomba. Uyenda mtunda wonse osakumana ndi munthu, agalu okhaokha kuseri kwa mipanda.

Ndinawapeza pageti, mabotolo atatu a madzi pambali, onse atatha. Milomo yong'ambika. Awonda masiku awiri okhawa.

"Ndikumwa madzi, sakutsika pomwe pali ludzu. Ludzu limeneli si langa, Sisitala."

Polankhula sankayang'ana ine. Ankayang'ana kumbuyo kwanga, tsidya la msewu, ndipo anavula chipewa. Ine sindinacheuke. Ndikuchita manyazi kulemba, koma sindinacheuke, ndipo pochoka ndinazungulira njira yaitali.

Akuti Loweruka apita, angonyowetsa lilime. Zongonyowetsa lilime ndimazidziwa. Awiri a gulu langa loyamba ndinakawaika m'manda chifukwa cha mawu omwewo. Ndili ndi mantha kuti bambowa andifera.

Lachisanu, 12 Seputembala

A Chikaonda sanabwere kugulu. Fungo nalo kunalibe. Aliyense anazindikira, palibe ananena. Tinatseka msanga.

Loweruka, 13 Seputembala

Ndinakawadikira kudepoti. Atandiona sanadabwe. Mtsuko anaumangirira panjinga, tinakankha wapansi mpaka ku City Centre. Ndinkati ndiwanyengerera panjira. Ndinalankhula mpaka malovu kuuma, iwo kungoti "Inde, Sisitala," phazi osachepetsa.

Tinafika cha m'ma thu koloko, amisiri ataweruka. Dzuwa lili phwee, fumbi lofiira, nyumba zosatha zili yasa popanda mazenera. Titalowa m'kankhalango muja kunazizira ngati m'chipinda chosungira mankhwala. Mbalame ngakhale imodzi. Thirakitala ina inkalira kutali, nayo inangoti zii.

Anavula nsapato, nane ndinavula. Anagwada pansi pa mtengo waukulu, anaomba m'manja, anatchula maina. Kenako anavundukula mtsuko, anatunga ndi chipanda. Mowa unayenderera mpaka m'zigongono. Ndinaona mmene mphuno yawo inatsegukira, mmene kholingo linakwerera. Chipanda chinafika pachibwano.

Ndinati, "Patseni."

Anatsitsa chipanda. Kenako anandipatsa ndi manja awiri.

Ndi wowawasa, wolemera, uli ndi timisere. Ndinameza kamodzi, Mulungu andichitire chifundo, ndinawabwezera. Anathira pansi. Nthaka inamwa pompo, osasiya ngakhale chinyezi. Anathiranso, anathiranso. Kenako anapendeketsa mutu ngati munthu womvera wailesi yakutali.

"Akufunsa kuti ndinu yani."

Ndikanangokhala chete. Koma kwathu wamkulu akafunsa dzina umayankha. Ndinati ndine Tabitha Nyirenda, wa ku Rumphi.

"Akuti akudziwani tsopano."

Potuluka bambowa anali munthu wina. Anati njala yawagwira koyamba sabata ino, anagula chinangwa chootcha pamsewu, anadya akuseka, ananditcha mlongo. Sanamwe ngakhale dontho. Ndilembenso kuti ndizikhulupirire: a Chikaonda sanamwe. Ndinasangalala mpaka misozi.

Ndafika kunyumba folo koloko. Ndatsuka m'kamwa ndi mchere, kenako ndi sopo. Ndamwa makapu anayi a madzi, tiyi kawiri. Kukhosi kuli gwa, ngati ndameza phulusa. Ndayesa kupemphera, ndikungofika pakati nkuiwala mawu.

Mumtsuko muja munatsala pafupifupi theka. Tinausiya pansi pa mtengo, wosavundikira, chipanda chili pambali. Kuyenda mwandawala ndi ola limodzi, ndipo dzuwa likadalipo.

Nsapato ndavala kale. Sindikukumbuka kuti ndavala nthawi yanji.