Dzina la Kachala

Mlongo wanga Esinati,

Uli bwanji ku Kitwe? Kuno tilipo, mawondo okha ndiwo avuta.

Sindinaiwale kuti mwamuna wako, ba Sakala, ndiwo anandinena pamaliro kuti ndimakanikiza sikelo ndi chala pogulitsa nyemba. Mpaka lero ana a pa Chinyunyu amanditcha Kachala.

Sabata yatha kunabwera a boma oyesa masikelo, atanyamula miyala yawo yachitsulo. Anzanga ena anabisa masikelo awo m'chimanga. Ine ndinaika manja kumbuyo, n'kunena kuti, "Yesani, bwana." Kamuvi ka sikelo yanga kanaima pa kilo ndendende, ndipo anamata sitika yawo msika wonse ukuona.

Mulungu akusunge, mlongo. Koma ndisanafe, mlamu abwere pamsika pano, andiitane Tembo, dzina la atate athu, anthu akumva.

Ndine mlongo wako,
Yohane Tembo