Bwera Udzakwere Masitepe Anga

Hagonoy, Bulacan
9 Sepitembala

Wokondedwa mlongo wanga Rodel,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino kumeneko ku Winnipeg, pamodzi ndi alamu anga a Marivic ndi ana. Kodi chifuwa cha Bea chija chinatha? Nanga msana wako, womwe umadandaula nawo ukaweruka kuchipatala? Ine kuno ndili bwino. Manja okha ndiwo ang'aluka ngati pansi pa dziwe la nsomba lophwa, koma sakupweteka.

Ndalemba papepala chifukwa pafoni umandidula mawu. Pepala silidula munthu. Uwerenge mpaka kumapeto.

Nyumba yapeza woigula. Ndayamba ndi zimenezi kuti mtima wako ukhale pansi, poti ndikudziwa kuti ndi zomwe wakhala ukudikira. Koma pali zinthu zomwe ndakubisira kwa miyezi isanu, ndipo pali chimodzi chomwe ndikufuna kwa iwe nyumbayi isanachoke m'manja mwathu.

Ukukumbukira zomwe unanena titangoika mayi m'manda, chikwama chili kale m'manja. Unati nyumba tiigulitse, koma iyambe yakonzedwa, chifukwa palibe angagule nyumba yomwe madzi a m'nyanja amalowa pabalaza mwezi uliwonse. Pamenepo unanena zoona. Kenako unati ntchitoyo tiwasiyire odziwa, n'kundipatsa nambala ya Jomar, msuweni wa akazi ako. Odziwa. Mawu amenewo ndinawameza chifukwa maluwa a pamanda anali asanafote.

Jomar anabwera ndi mafoni awiri, akununkhira ngati wopita ku ukwati. Anaima pakhomo n'kunena kuti pansi tingoyalapo matailosi onyezimira, makoma tipake penti, ndipo ogula tiziwaitana nthawi yomwe madzi abwerera kunyanja. Ndinamufunsa kuti nanga madzi akadzabweranso, wogulayo adzagona padenga? Amvekere zimenezo zidzakhala zake, achemwali. Ndinamuuza kuti achemwali ake ali kwawo, n'kumulozera kokwerera njinga zamoto. Sanabwerenso, ndipo ndikuona kuti kwa akazi ako sanaulule, manyazi othamangitsidwa ndi mzimayi. Ukamafunsa kuti ntchito ya Jomar ikuyenda bwanji, ine n'kumayankha kuti ikuyenda, sindinkanama kwenikweni. Ntchito inkayenda. Jomar ndiye kunalibe.

Ndinatsitsa mabuku anga a uinjiniya pamwamba pa kabati, aja ndinawatseka ndili chaka chachitatu cha maphunzirowo, bambo atafa ziwalo, kuti iwe umalize za unamwino. Sindikukukumbutsa kuti undithokoze. Zaka makumi awiri ndi ziwiri zadutsa, kuthokozako kukanakhala kuti kunanyamuka bwenzi kutafika. Ndikungofuna udziwe kuti chiswe chinadya zikuto zokha. Zam'kati zinali momwemo, m'mabukumo ndi m'mutu mwanga momwe.

Ndinaitana madala Poldo, mmisiri uja ankathandiza bambo pomanga nyumbayi. Mano awatsalira anayi koma dzanja silinjenjemera. Tinayeza kuchokera pamsewu, womwe wakwezedwanso kawiri chichokere iwe, ndipo ndinapeza kuti pansi pa nyumba pafunika kukwera masentimita makumi anayi. Lole silingalowe m'kanjira kathu, ndiye dothi ndi miyala tinatuta pa wilibala kuchokera kutchalitchi. Zitsulo ndinamanga ndekha. Zitseko tinazidula, mawaya a magetsi tinawakweza kufika m'chiuno, padenga tinasintha malata asanu ndi atatu.

Ndisanapake penti ndinachotsa zonse zapakhoma. Makalendala a mayi a zaka khumi ndi zisanu, wina pamwamba pa mnzake. Zithunzi zako za tsiku lomaliza maphunziro, zinayi. Zinayi, Rodel. Changa ndinapeza chimodzi, cha ubatizo, nkhope itadyedwa ndi chinyezi. Zako ndazisunga m'katoni, usadandaule.

Madzi aakulu a mu Juni atabwera, msewu unamira mpaka m'mawondo. Mayi Sioning oyandikana nafe ankaphika ataimirira pabenchi. Pabalaza pathu panali gwa, pouma. Ndinakhala pakhomo ndi khofi wanga ndikuonerera mapatapata a anthu akuyandama. Mayi Sioning anandikuwira pazenera kuti kodi wakwatiwa ndi ameya, poti madzi akukulambalala? Ndinawayankha kuti ayi, ndakwatiwa ndi masamu, mwamuna yemwe sabwera kunyumba ataledzera. Anatseka zenera. Amuna awo ukuwadziwa.

Tsono umve pomwe ndinagwa, ndipo uumvere kwa ine, osati kwa anthu a pamsika.

Ogula oyamba anali banja la munthu wogwira ntchito m'sitima zapamadzi. Anabwera mkazi wake ndi mayi a mkaziyo, gogo wamfupi wa ambulera yakuda. Anakonda zonse. Mkaziyo anali atayamba kale kusankha poika firiji. Kenako gogo uja anaima pansi pa masitepe opita kuzipinda zam'mwamba, n'kuyamba kukwera akugogoda lililonse ndi ambulera, monga amachitira aliyense kuno, poti amati mawu ogwera pa sitepe lomaliza ndiwo tsogolo la nyumbayo. Golide, siliva, imfa. Golide, siliva, imfa. Ine ndinaima pansi ndikumwetulira, chifukwa chibadwire ndimadziwa kuti masitepe a bambo amathera pa siliva.

Anathera pa imfa.

Gogoyo sanalowe ngakhale chipinda chimodzi. Anatsika chammbali, anadzilemba chizindikiro cha mtanda, n'kuuza mwana wake kuti aitane njinga. Potuluka anandiyang'ana ngati ndawapatsa poizoni m'kapu.

Bambo anamanga masitepe khumi ndi anayi. Pokweza pansi, awiri a m'munsi akanakwiririka, ndiye ndinawazula ndi manja angawa, n'kuwaimika kuseri poti ndi matabwa abwino a mtengo wa narra. Anatsala khumi ndi awiri. Ine amene ndinayeza sentimita iliyonse ya nyumba ino, ndinaiwala kuwerenga komwe mwana aliyense wa m'tauni muno amawerenga asanadziwe kulemba dzina lake.

Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika kogulitsira nsomba. Akuti Amparo waikonzera imfa makwerero. Ena mpaka akuti n'chifukwa chake mayi anamwalira, ngati kuti mayi sanayambe amwalira ine n'kugwira fosholo pambuyo. Mayi Sioning anauza anthu pampopi kuti sukulu yosamaliza ndi yoopsa kuposa kusaphunzira. Anandiuza ndi munthu amene anamva yekha. 

Miyezi iwiri sipanabwere wogula ndi mmodzi yemwe. Iwe ndinakuuza kuti anthu akudikira mvula ichepe. Pamenepo ndinanama, ndipo ndikuvomera.

Ine za golide ndi imfazi sindizikhulupirira. Thabwa ndi thabwa. Komabe ndikuuze, poti lero ndikuulula zonse, kuti kwa masabata awiri ndinayala mphasa pabalaza, m'mwamba osapondako.

Madala Poldo anati zimenezi n'zosavuta. Akuti tingoumba kasitepe kopyapyala ka simenti m'munsi, monga amachitira onse, chiwerengero chisinthe, ogula asangalale. Ndinakana. Phazi la munthu limaloweza msinkhu wa sitepe loyamba, ndipo likapeza lachiwiri lasiyana, limapunthwa. Kasitepe kabodza koteroko ndiko kamathyola chiuno cha nkhalamba. Ndinawauza kuti kuthawa imfa yowerenga n'kuitana imfa yeniyeni, ine ayi. Anaseka mpaka ndinawaona mano onse anayi. Amvekere mwana iwe, mutu wako ndi wa bambo ako, wouma ngati chigoba cha kokonati, ndiye ukufuna titani? Ndinati tigwetse onse.

Tinagwetsa. Ndinakhala masiku atatu patebulo ndi pensulo. Vuto linali lakuti masitepe ambiri aafupi amafuna malo aatali, ndipo akanatseka khomo la kukhitchini. Ndiye ndinawakhotetsa pazenera loyang'ana ku maiwe a nsomba, n'kuika pokhotapo malo otakasuka opumirapo.

Apa panabuka mkangano wina. Madala Poldo akuti malo opumirawo amawerengedwa ngati sitepe. Mayi Sioning, omwe palibe anawaitana koma anali atasuzumira kale pakhomo, akuti sawerengedwa, ndipo agogo awo anali mmisiri. Madala Poldo akuti agogo awowo anamanga khola la nkhumba limodzi, nalonso linagwera nkhumba. Anakangana mpaka khofi anazizira. Ine ndinawasiya, n'kubwerera kupepala langa. Ndinakonza masitepe khumi ndi atatu, n'kuwonjezerapo malo opumira aja. Wosawawerenga amathera pa golide. Wowawerenga amathera pa siliva. Awerenge mmene angafunire, imfa saipeza.

Matabwa ndi omwe aja a bambo, onse khumi ndi anayi, kuphatikizapo awiri ndinaimika kuseri aja. Lotsalalo ndinalilumikiza ndi thabwa la tebulo losokerapo la mayi, ndiwo malo opumirawo. Tinawapala, tinawakwecha mpaka mtundu wake wofiirira unatulukanso. Palibe sitepe losiyana ndi linzake ngakhale ndi makulidwe a chikhadabo. Sitepe lachisanu lija linkalira munthu akaponda, pano lili zii.

Sabata yatha kunabwera banja la aphunzitsi, bambo ndi mayi Mangahas, pamodzi ndi bambo a mkaziyo, mkulu woyenda ndi ndodo. Mkuluyo anakwera akuwerenga, anatsika akuwerenga, anakweranso osawerenga. Anaima pamalo opumira aja nthawi yaitali akuyang'ana maiwe. Kenako anati patha zaka zitatu asanakwere nyumba yosanja popanda womugwira mkono, ndipo anafunsa kuti injiniya wake ndi ndani. Madala Poldo anatsegula pakamwa koma ndinawachita changu. Ndinati injiniya palibe, ndine ndekha. Mkuluyo anandiyang'ana manja, n'kuuza mpongozi wake kuti asavutike kukaona nyumba zina.

M'mawa mwake mayi Sioning anabwera ndi nsomba zowamba m'mbale. Anazungulira nkhani ya nyengo, ya mitengo ya mpunga, kenako n'kufunsa kuti kodi pabalaza pawo pangafunike dothi lochuluka bwanji. Ndinalandira nsombazo. Ndinawauza kuti ndiyambe ndaganiza, poti sukulu yanga ndi yoopsa.

Tsono nachi chomwe ndikufuna.

Unandiuza kuti udzatumiza pepala lochokera ku ofesi ya kazembe londipatsa mphamvu yosaina m'malo mwako, kuti usavutike ndi ulendo. Usatumize. Ndawauza kale aloya kuti pepala limenelo sindiligwiritsa ntchito. A Mangahas avomera kudikira mpaka lidutse tsiku la Oyera Mtima Onse, pomwe tidzakayatse makandulo pamanda a bambo ndi mayi. Bwera udzayatse nawo, kenako udzasaine ndi dzanja lako. Koma usanagwire cholembera, udzakwere masitepe anga.

Ndikudziwa zomwe unene. Tchuthi n'chovuta, ulendo ndi wautali, ndikutumizire zithunzi pafoni. Sitepe silioneka pachithunzi, Rodel. Limamveka m'bondo.

Sindikupempha kuti udzanene kuti unalakwa. Sindikufunanso misozi, tinalira mokwanira. Koma undimve, chifukwa izi sindidzazinenanso. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Sukulu ndinasiyira panjira. Ukwati unathera pa chibwenzi. Bambo ndinawasambitsa zaka zisanu ndi zinayi, mayi zisanu ndi chimodzi, ndipo ntchito imeneyo ikatha sipatsala choti munthu n'kuloza. Masitepe awa ndi chinthu choyamba chomwe ndachiyamba n'kuchimaliza, ndipo chili bwino. Mu Novembala anthu achilendo adzakhoma zithunzi zawo pakhoma, ana awo adzathamanga pamatabwa amenewa osadziwa dzina langa. Zimenezo sindikudandaula nazo, nyumba ndi ya okhalamo. Chomwe sindingapirire n'chakuti ndipereke makiyi popanda munthu wa magazi anga kupondapo ngakhale kamodzi. Watsala ndiwe wekha.

Ukapanda kubwera, nanenso sindisaina. A Mangahas adzapita, alamu anga adzanditcha wamisala, pamsika adzapeza nkhani yatsopano. Ndazolowera. Usayese kuti ndikungoopseza. Munthu amene anagwetsa masitepe a bambo ake chifukwa chokana kasitepe kabodza sangavutike kudikira mlongo wake chaka china.

Za komwe ndidzakhale nyumba ikapita, poti sunafunse, ndapeza chipinda pamwamba pa sitolo ya mwana wa madala Poldo. Makwerero ake ndi oipa kwambiri. Ndawauza kale.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Marivic, ndipo uwauze za msuweni wawo mofatsa kuposa mmene ndalembera ine. Uwapsompsone Bea ndi Miguel, uwauze kuti azakhali awo alipo ndipo sanafe. Madala Poldo akupereka moni, akuti amakukumbukira ukuthawa kunyamula matabwa ponamizira mutu. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu pantchito, ndipo akutsegulire njira ya kwanu.

Undiuze tsiku lomwe ndege ifike. Nsapato udzavulire pakhomo, vanishi ndapaka kumene.

Ndine mlongo wako,
Amparo