Mbaula Yanu Ndaidula Pakati

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ine kuno ku Kande ndili bwino, kungoti nyumba yandikulira. Chibwerereni kumaliro anu ku Dedza, m'chipinda chanu sindinaikemo kanthu, ndipo masiku ena ndikaweruka kusukulu ndimapezeka ndikuodira pakhomo panga pomwe.

Mlongo wanga Esinati anabereka mwana wamkazi mvula itangosiya. Sindinamuonebe, koma kalata ikuti makutu ndi akwathu. Chimanga cha m'munda mwanu chinatuluka ngolo imodzi yokha chifukwa anabzala mochedwa. Kuno chinangwa munkachinyoza chija chachita bwino, ndipo kondowole ndamuzolowera, ngakhale kudya wekha sikuzolowereka. Mbuzi ya aNyaLongwe, oyandikana nafe aja, inatha mpiru wonse kuseri. Anabwera kudzapepesa m'Chitonga, ine ndikuyankha m'Chichewa, mpaka tinangoseka. Akuti chichokereni inu alibenso wokangana naye za kaumbidwe ka miphika.

Koma chimene ndalembera kalatayi ndi mbaula yanu yadothi, yomaliza ija munaumba musanayambe kudwala, imene imapsetsa nyemba ndi nkhuni zitatu zokha. Alangizi a zachitukuko anaiona naikonda. Anabwera ndi wojambula amene anaizungulira ndi kamera, kutsogolo, kumbuyo, pamwamba, kuti aziionetsa pa kanema wa pagalimoto uja amayenda m'midzi. Pansalu inaoneka bwino zedi, moti amayi a ku Mpamba anaombera m'manja. Koma zithunzizo zitatumizidwa kwa amisiri a ku Mzuzu kuti apange chikombole chachitsulo choumbira mbaula zambiri, anazibweza.

Ndikufotokozereni chifukwa chake, paja munkati ine ndingaphunzitse ngakhale nkhuku itaima pafupi. Chithunzi chimasunga khungu la chinthu basi, ndipo woonera zimamukwanira. Mmisiri wa zitsulo alibe nazo ntchito zokongola. Iye amafuna kudziwa kuti khoma lakhuthala masentimita angati, bowo la mpweya lapendekera motani, mkati mwatakasuka bwanji. Chinthu n'chimodzi, koma wa kanema amachinena mwina, mmisiri mwina. Tsono popeza ine ndimaphunzitsa kujambula mapulani, anati ntchito yosandutsa mbaulayo kukhala mizere ndi manambala ikhale yanga.

Kunja ndinayeza mosavuta ndi rula ndi chingwe. Mkati ndiye munandigonjetsa. Njira ya utsi munaikhotetsa, rula salowa, waya akalowa amatuluka atapindika mwina lero, mwina mawa. Pamapulani timajambula chinthu ngati chadulidwa pakati, kuti mmisiri aone za m'mimba. Ndipo pamene sungathe kuyeza, palibe kuchitira mwina koma kudula zenizeni.

Ndinazengereza masabata atatu. Miphika yanu ina tinagawana pamaliro, ina inasweka pabasi, ndipo chimene manja anu anaumba chotsala kwa ine chinali chimenechi. Ndinapempha aNyaLongwe kuti aumbe ina akuyang'ana yanu, ndidule yawoyo. Inatuluka yofanana ngati mapasa, koma titayatsa moto utsi unatithamangitsa tonse m'khitchini. Iwo akupukuta misozi anati, "Aphunzitsi, amama anu nzeru anabisa mkati. Kunjaku anangotinamiza."

Ndinakumbuka tsiku ndinaswa mtsuko wanu ndili mwana, ndikulira kuopa ndodo. Inu munangoti, "Tonthola iwe, dothi silinathe kudambo." Dothi lilipodi, Amayi. Chimene palibe ndi manja anu.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita ku Chintheche, ndinaonetsa khadi lachipani pachipata cha msika, n'kugula sowo yodulira zitsulo. Ndinadula masana, pakhonde, pang'onopang'ono, ndikupuma nthawi ndi nthawi popanda chonditopetsa. Itagawikana ndinaona. Pamene utsi umakhotera munasiyapo kamlomo kobweza moto kumphika, ndipo kuseri kwa kamlomoko kuli malo anayi amene zala zanu zinadinda, akuya bwino, pomwe diso la munthu silikanafika. Ndinaikamo zala zanga. Sizinakwane, zanu zinali zazing'ono. Ndinakhala choncho mpaka mthunzi wa mango unafika pakhonde, ndipo panalibe woti ndimuitane adzaone.

Kamlomoko ndakayeza, ndakajambula, ndalemba ndi kupendekera kwake. Zalazo ndalephera, chifukwa pamapulani palibe mzere woimira zala za munthu. Zatsala pa mbali ziwirizi, zimene sizidzaphikanso.

Mapulani anyamuka Lolemba pabasi. Pansi pa pepala, chakumanja, pamakhala kabokosi kolembamo dzina la mwini luso. Ahedi anandilangiza kuti ndilembe langa, akuti mwina akuluakulu angandikumbukire pokweza anthu. Ndalemba lanu, Elina Nankhoma, m'zilembo zazikulu, inu amene simunagwirepo pensulo.

Mundikhululukire pokudulirani mbaula yanu. Yoyamba kutuluka m'chikombole ndidzaiyatsa ndekha, ndipo ikadzafuka utsi ndidzabwerera patebulo kukajambulanso, kawiri kaya kakhumi, mpaka idzayake ngati yanu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yotamu