Njerwa Zitatu Pansi pa Monitori

Lolemba, 6 Outubro
Khosi kachiwirinso. Kuwawa mpaka m'phewa, zala ziwiri dzanzi. Mayina a alimi olandira mbewu ku bungwe lathu alipo 600, ndalowetsa 70 okha mu kompyuta. Monitori yanga ili pansi ngati mbale ya galu, tsiku lonse chiweramire. Yatsopano ija, yotha kukwera ndi kutsika, ili kwa a Hilário, a shefi athu. Ntchito yake kuonerapo mpira. Akati alembe, chala chimodzi, ngati nkhuku yotola chimanga.

Lachitatu, 8 Outubro
Kuchipatala m'mawa. Anamwino akuti pamwamba pa monitori pazilingana ndi maso, msana uziwongoka. Ndawauza a shefi. "Lembani kalata, tiitumiza ku Tete." Kalata! Khosi langa lidikire karimbo, chidindo cha ku Tete.

Lachinayi, 9 Outubro
Ndatola njerwa kuseri kwa nyumba yosungiramo mbatatesi, ndazikulunga m'kapulana, chitenje changa chakale. Ziwiri zachepa. Zinayi ndimayang'ana kumwamba ngati wopempha mvula. Zitatu ndendende. Mayina 160 lero, ndipo ndafika kunyumba ndikutha kutembenuka osatembenuza thupi lonse.

Lolemba, 13 Outubro
A Armindo, achiwiri kwa a shefi, aona njerwa. Munthu wa imvi koma ntchito yake kuseka a shefi asanamalize nthabwala. Athamanga kukanena. A shefi: "Muno ndi mu gabinete, mu ofesi, si pa uvuni." Akuti Lachisanu kukubwera alendo a ku Tete. Ndachotsa. Fayilo zodyedwa ndi chiswe pakona sizichititsa manyazi, koma njerwa zanga.

Lachinayi, 16 Outubro
Ndalakwa. Lachiwiri mutu unkagunda, maso misozi, ndinalumpha tsamba lathunthu. Mayina 22 a ku Lifidzi mulibe. Lero tsiku logawa. A Domingas, mayi wachikulire, anabwera ndi thumba lopinda bwinobwino m'khwapa. Dzina palibe. Ena anakalipa, iwo ayi. Anangoti, "Palibe kanthu mwanangu, mwina chaka chamawa." Bola akanandituka.
A shefi pamaso pa anthu: "Atsikana a masiku ano, maganizo pa foni." Ine zaka 44, ana atatu. Mtsikana.
Mvula ili pafupi. Nyemba sizidikira munthu.

Lachisanu, 17 Outubro
Ndalawirira. Njerwa ndabwezera, popanda ndi kapulana yomwe, zofiira mbee pameza. Mayina 22 ndalowetsa, ndawerenga kawiri, ndasindikiza.
Alendo afika teni koloko, nsapato zonyezimira, kupewa fumbi la Ulongwe ngati ndi ndowe. A Armindo ayima kutsogolo kwa meza yanga kuti abise ndi mimba yawo. Sinakwanire. Mlendo wamkulu wafunsa za njerwa. Ndafotokoza zonse: khosi, tsamba, Lifidzi. Kenaka ndatambasula pepala kwa a shefi, cholembera pamwamba. Asayina alendo akuyang'ana. Mbewu ya anthu 22 ituluka m'nyumba yosungira Lolemba.
Alendo atapita, a shefi sanandiyang'ane. A Armindo ndiwo abweretsa uthenga: Lolemba ndikaonekere ku gabinete ya a shefi, tikakambe za kontratu yanga ya ntchito. Ankanena akumwetulira.
Mantha ndili nawo, ndisaname. Ana ali pasukulu onse.

Loweruka, 18 Outubro
A Domingas alibe foni. Akapanda kumva sabweranso, ndinaona mmene anapindira thumba lija. Shapa, minibasi yoyamba ya ku Lifidzi, ikudzaza, ndakhala pambali pa zenera. Nyumba yawo sindiidziwa. Ndikafunsa.