Atate Anatchula Dzina Lanu pa Madisi

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Ndine Tereza, mwana wanu woyamba. Ndakhala ndikufuna kukulemberani kuyambira nyengo yokolola, koma ndikangokhala pansi mtima umandiuza kuti dzuka, ndikadzuka sindidziwa chimene ndadzukira. Lero ndavundikira makina osokera dzuwa likadali pamutu, ndati zivute zitani ndikuuzeni za kuno.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Agnesi anachira kuchipatala cha Mtengowanthenga, mwana wamkazi, wamphumi yotakata ngati yanu. Dzina lake ndi Takondwa. Amalira ndi mawu aakulu moti apongozi ake a Agnesi akuti ameneyu adzatsogolera kwaya. Mtedza umene munabzala musanagonekedwe m'chipatala tinakumba, ndipo unabereka modabwitsa. Pothothola ndinkangokumbukira mawu anu aja akuti mtedza sufuna phuma, umakhwimira pansi pomwe maso safika. Chimanga ndiye chinapserera ndi ng'amba, chochepa chimene tinapeza nankafumbwe walowamo kale. Mbuzi yanu yamawanga inaswa ana awiri, mmodzi fisi anatenga.

Koma chimene chandisowetsa mtendere ndi nkhani ya Atate.

Titamaliza kukolola, mlongo wanu, atsibweni a Lufeyo, anabwera kunyumba kwanu ku Msakambewa. Ine ndinalipo, ndinapita kukathira mankhwala m'chimanga. Anakhala pansi pa mango paja, nalonjerana ndi Atate bwinobwino, kenaka anati, "Alamu, mwambo mukuudziwa. Mlongo wanga anatisiya. Tiyenera kukusudzulani kuti mukhale omasuka, mubwerere kwanu ku Ntchisi. Munda uwu ndi wa mbumba."

Atate anangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Ndamva, alamu."

Ine sindinapirire. Ndinati, "Atsibweni, kwawo kwake kuti? Anthu awa analowa m'mudzi muno ine ndisanabadwe. Chigafa icho anamanga ndani? Mitengo iyi anabzala ndani?"

Iwo anati, "Iwe Tereza, wakhalitsa pa Madisi, za kumudzi waiwala. Yosefe, mwana wa amayi ako aang'ono, wakwatira, ali ndi ana, alibe polima. Ndimuuze kuti adye mitengo?"

Za Yosefe n'zoona. Koma kuyambira tsiku limenelo Atate sanagwirenso khasu. Anzawo akuunga mizere, iwo ankangozungulira m'malire a munda manja ali kumbuyo. Akatopa, ankakwera kabaza mpaka pamsewu, n'kubwera kuno ku Madisi kudzakhala ndi a Levisoni, mnzawo wa ku usilikali uja, wa mwendo umodzi, amene amasoka nsapato pakhomo la msika. Ankakhala pamenepo tsiku lonse. Ndikawapititsira tiyi, ndinkapeza wazizira m'kapu.

Mukuwakumbukira agogo a Mkanda, msilikali wa nkhondo yaikulu ya azungu ija? Amene ankakhala pakhonde la golosale atapachika mamendulo pa jekete long'ambika m'zigongono? Tikabwera kudzagulitsa mtedza ndili kamtsikana, munkayamba mwawatapira iwo musanagulitse kwa wina aliyense, ine n'kumanyinyirika. Munkati amene anaona moto asakupemphe madzi, uzimupatsa asananene. Agogo aja anamwalira m'nyengo yozizira. Pamaliro pawo anthu analipo ochepa, lipenga silinalire, mamendulo anangowaponyera m'bokosi. A Levisoni zinawawawa kwambiri. Anati, "Ndiye kuti nafenso adzatikwirira ngati mphaka." Anayenda ndi ndodo zawo kwa bambo mfumu a ku mishoni, kwa akuluakulu a msika, kwa aliyense amene akanamva, mpaka anagwirizana kuti Lamulungu la mu Novembala limene dziko limakumbukira asilikali, akuno nawonso agube.

Ine ndinasoka timaluwa tofiira ndi zidutswa za nsalu, toti azibaya pachifuwa. Atate anakana. Anati, "Ndigubire ndani? Munthu wopanda mudzi amaguba kulowera kuti?" Ndinawasiya. Tsikulo linali lomwelo la ubatizo wa Takondwa, choncho abale onse anabwera, atsibweni omwe. Misa itatha, ndinangoona Atate akutuluka kuseri kwa tchalitchi atavala chipewa chawo cha usilikali, chimene munkachisunga pansi pa sutikesi.

Amayi, mukanaona. Ogubawo sanakwane ndi khumi omwe. Ena a nkhondo ya ku Mozambiki ngati Atate, amene ankalondera njanji, awiri achinyamatako amene anabwerera ku Kongo. Lipenga lenileni linasowa, ndiye gulu la mganda linabwera ndi malipenga awo a zikho ndi ng'oma. Anayambira pamsika. Dzuwa linali loswa mtengo, fumbi lili koboo. A Levisoni patsogolo, ndodo zikugunda pansi motsatira ng'oma. Poyamba anthu ankaseka. Kenaka amayi ogulitsa tomato anayamba nthungululu, akabaza anatsika panjinga zawo, woyendetsa lole ya fetereza anaima n'kuvula kapusi. Atate, amene masiku onsewa ankayenda chowerama, msana unawongoka ngati mlongoti.

Atafika pabwalo la mishoni, bambo mfumu anapempha kuti mmodzi atchule mayina a anzawo amene sanabwerere. A Levisoni anakankha Atate ndi ndodo. Inu mukudziwa kuti za kunkhondo sanatiuzepo ngakhale kamodzi.

Anaima. Anati, "Binwelo. Dausi. Yohane wa ku Mponela, amene ankatiimbira nyimbo za kwawo. Amenewa tinali nawo m'sitima imodzi tsiku limene inaponda bomba. Ine ndinatuluka, iwo ayi." Anthu anayesa kuti amaliza. Kenaka anati, "Rozina Nabanda."

Dzina lanu, Amayi. Anthu anayang'anana. Agnesi anandigwira dzanja.

Anati, "Ameneyu sanavale yunifomu, koma nkhondo yanga anamenya ndi iye. Nditabwerako, tsiku lina tinabwera pamsika pano kudzagulitsa mtedza. Tayala la lole linaphulika pamsewu apo. Ine ndinadziponya m'ngalande, n'kuphimba mutu, ndikunjenjemera. Msika wonse unaseka. Mkazi wanga anatula dengu, mtedza n'kumwazika, analowa m'ngalande momwemo n'kugona pambali panga, chitenje chatsopano m'matope. Anauza anthu kuti, 'Mukuyang'ana chiyani? Tikupumula.' Tinagona momwemo mpaka kunjenjemera kunatha. Zoterezi anachita zaka zambiri, m'njira zambiri. Ngati pali mendulo, ndi yake."

Anapereka sawatcha. Anzawo onse anachita chimodzimodzi. Amayi, bwanji simunandiuzepo? Ine ndinkayesa kuti Atate ndi munthu wofatsa chabe, ndipo inu ndinu wolongolola. Ndinalira mpaka kamaluwa kanga kofiira kanasuluka pabulauzi.

Atsibweni anachoka osatsanzika, chakudya cha ubatizo osalawa. Ndinati basi zaipiratu. Koma pakati pa sabata anatulukira kunyumba kwanu atasenza khasu. Agnesi ndiye analipo, ndi amene anandifotokozera. Akuti anaima pabwalo n'kunena kuti, "Alamu, mitambo yayamba kusonkhana. Mizere ya mlongo wanga aunga ndani? Yosefe timupatsa chigawo cha kudambo, kumtundaku limani." Za kusudzula sanazitchulenso. Akuti potuluka anawonjezera kuti, "Tsiku la ngalande lija ndinalipo. Ndinaseka nawo."

Mukanayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Ayi. Mawu akuti pitani kwanu anali atalowa kale ngati munga. M'mawa mwake Atate ananyamula kachikwama, nauza Agnesi kuti akukaona manda a amayi awo ku Ntchisi, abwera msanga. Sabata inatha. Foni yawo osagwira. Ine kusoka kunandikanika, ndinalumikiza mkono wa diresi la mwini wake chadodolido. Ndinatseka shopu n'kukwera minibasi, kenaka njinga yamoto, kukwera mapiri aja amene inu munkati amathyola mawondo a mkamwini asanafike n'komwe kwa akazi ake.

Ndinawapeza. Mudzi wawo unasamukira kufupi ndi msewu kalekale. Pamene panali nyumba ya amayi awo pali munda wa munthu wina, wolimidwa kale kudikira soya. Manda anawazindikira ndi mkuyu wokha, ndipo anali atalambula okha ndi khasu lobwereka. Ankagona kwa mdzukulu wa msuweni wawo, bambo waulemu ndithu, koma wosawadziwa. Ndinawapeza atakhala pampando wabwino pakhonde, ana a pakhomopo akuwasuzumira chapatali.

Ndinagwada, ndinati, "Atate, mwatisowetsa mtendere."

Anati, "Tereza, anthu a kuno ndi abwino. Andiphera nkhuku. Andipatsa madzi osamba otentha. Aliyense wodutsa akufunsa kuti alendowa achokera kuti." Anatola kachikwama kawo, kanali komanga kale. "Tiye kwathu."

Mvula yoyamba inatipeza m'njira, tikutsika phiri. Tinafika ku Msakambewa titanyowa ngati nkhuku, ndipo m'mawa mwake iwo ndi atsibweni anali m'munda, wina mzere uwu wina mzere uwo, osalankhulana, makasu okha akuyankhana. Chimanga chamera. Mtedza tabzala wa mbewu yanu yomwe ija.

Komabe mtima wanga sunakhazikike, Amayi. Akazi a atsibweni akung'ung'udza kuti Yosefe wapatsidwa podikha madzi. Atsibweni nawo akukalamba, ndipo sindidziwa kuti amene adzayang'anire mbumba pambuyo pawo adzanena zotani. Atate akulima, akudya, koma pena amaima pakati pa munda n'kumayang'ana kumsewu ngati akudikira munthu. Galimoto ikaphulitsa utsi ndimathamangira pakhomo la shopu, ngakhale ndikudziwa kuti iwo ali kutali, kumudzi. A Levisoni akuti chaka chamawa adzagubanso, ndipo andiuza kuti ndiyambiretu kusunga zidutswa zofiira.

Agnesi akupereka moni. A limana lanu la ku tchalitchi amakutchulani m'mapemphero, ndipo malo anu pa benchi lachitatu palibe amene wakhalapo mokhazikika.

Ndikulonjezani chinthu chimodzi, ndipo ndachinena kale pamaso pa atsibweni, onse akumva. Ine ndili moyo, Atate sadzasamutsidwa pakhomo panu. Ndipo tsiku lawo likadzafika, sitidzawakweza galimoto kupita nawo kumapiri. Adzagona pambali panu. Muwasungire malo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tereza