Maola a Giyabokosi ya Nambala 4

Lolemba, 3 Malichi

Mvula yowaza. Helikopita zisanu ndi imodzi, zouluka ziwiri basi. Giyabokosi ya kumchira ya Nambala 4 yayamba kutaya tizitsulo mu oilo. Yatsopano tinaitanitsa chaka chatha, mpaka lero akuti ili m'njira. Njira yake yodzera kumwezi kapena? Tamasula ya Nambala 2, ija taizula zipangizo mpaka yatsala chigoba, kuti tiimange pa Nambala 4.

Lachiwiri, 4 Malichi

Khadi la maola a giyabokosiyo silikuoneka. Malire ake ndi maola 2,000, ikapyola apo ndi yotaya. A Komanda Fan: "A Tseng, sitima ya pansi pa madzi yamveka kum'mawa kawiri sabata ino. Ndikaisake ndi mbedza? Zaka zonsezi muli makanika, simungadziwe chitsulo pongochiona?"

Ndalemba 1,400. Nambala ya m'mutu mwanga. Ndasaina.

Lachisanu, 7 Malichi

Nambala 4 yauluka, yabwera. Woyendetsa Kaputeni Liao. Potsika mayiyu akuseka: "Mukasaina inu, Aphunzitsi, ine sindiyang'ananso kumchira." Ndamwetulira ngati chitsiru. Anzanga aika kapaketi kobiriwira ka tchipisi pa bokosi la zida kuti makina amvere. Kale ndinkawaseka. Lero ndagula kena ndekha.

Mpunga wa nyama ya nkhumba wandikanika. Mkazi wanga A-chu akuti ndi chilonda cha m'mimba chija. Mkazi wanga, ukanadziwa!

Lachitatu, 12 Malichi

Ndege yapita kunyanja kanayi tsopano. Maola khumi ndi anayi.

Masana ndapeza khadi lija kusitolo ya zipangizo, litamatirira kuseri kwa chivindikiro cha bokosi. 1,991. Ndawerenga katatu. Kuphatikiza maola khumi ndi anayi aja, yapyola kale malire, ndipo imauluka makilomita zana kuchokera kumtunda, anthu anayi m'katimo.

Khadi lili m'thumba langa. Sindinauze munthu. Ndipuma pa ntchito mu Julaye. Ndikaulula ndi bwalo la milandu la asilikali, penshoni yapita. Mwina chitsulo chipirira. Zambiri zimapirira. Ndine wamantha, ndilembe poyera.

Mawa 10 koloko Liao aulukanso.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndinadikira mpaka injini zitalira. Manyazi! Kenako miyendo inangopita yokha. Ndinaima kutsogolo kwa Nambala 4, dzanja pakhosi: zimitsani.

A Fan anabwera akuthamanga. "Mwapenga kodi?" Ndinawapatsa khadi. Anawerenga, anatukwana, anapita kukaimba foni.

Liao anatsika, navula chisoti. Ndinamuuza zonse, kuti 1,400 ija ndinapeka ine. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

"Khadili mwalipeza liti?"

Ndikanatha kunena kuti m'mawa uno. Ndinati dzulo masana.

"Ndiye munandiona ndikukwera, a Tseng. Munandigwirira chitseko."

Andiitana ku ofesi 2 koloko. A-chu sindinamuimbire, sindikudziwa poyambira.