Malume a Esnati asankha nyanja

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Debeniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Lisasadzi tilipo, kungoti amayi miyendo yatupanso, ndipo fodya wachita chikasu poti kuponi ya feteleza sitinaione.

Uthenga wanu tinaumva. Mwati mukapuma ntchito mukakhala ku Inhambane, ku Mozambiki, chifukwa nyumba n'zotchipa ndipo madzi a m'nyanja ya kumeneko ndi oyera, muzikamira bwino ndi botolo lanu la mpweya kumsana.

Loweruka kunabwera akuchimuna kudzafunsira mwana wanga Esnati. Atakhala pansi anafunsa kuti, "Malume a mwanayu ali kuti?" Chaka chatha ndinawabweza, ndinkati adikire, mwini mbumba akubwera kudzakhazikika. Ulendo uno anayankha ndi amayi ali pakhonde: "Mwana wanga wasankha kukakalambira kwa nsomba." Alendowo anaseka poyesa nthabwala, koma amayi sanaseke. Anthu aja anapita osanena tsiku lobweranso, ndipo Esnati sakundiyankhula.

Njerwa zomwe tinakuotcherani zija zamera udzu. Amayi akukana kuti tizigulitse.

Sindikukuletsani, mwagwira ntchito ndipo mwatopa. Koma tiuzeni woti aimirire ukwatiwu m'malo mwanu, mwanayu asakalambire pakhomo. Mulungu akusungeni pansi pa madzipo. Amayi akuti ndikufunseni chinthu chimodzi chokha: tsiku limene adzatisiye, uthenga udzakupezani muli pamtunda?

Ndine mlongo wanu,
Felesiya